Atseka Kumahatchi

Loweruka, 15 Malichi

Atseka kumahatchi. Osatichenjeza, osalemba ngakhale pa Facebook pawo. Tangofika ngati Loweruka lililonse, ine ndi mwana wanga wamkazi Yewo, n'kupeza mpanda wa malata wazungulira malo onse. Ndinasuzumira pakampata. Denga lija lilipo, thabwa lozungulira lilipo, koma mahatchi onse amatabwa okwerapo ana aja azula. Kwangotsala zitsulo zili njo.

Chikwangwani chikuti akukonza, adzatsegula pa holide ya Isitala. Kwa munthu wina ameneyu si mlandu. Koma kwa Yewo kulibe "adzatsegula". Kuli Loweruka, ndipo Loweruka ndi jekete yachikasu, galimoto, paki ya zoseweretsa m'mbali mwa mtsinje, ndi hatchi yake yakuda yothyoka khutu imene amaitcha Blaki. Chiyambire ali ndi zaka zisanu. Pano ali ndi khumi ndi zinayi, msinkhu wafanana ndi mayi ake. Madokotala amati otizimu. Ine ndimangoti ndi Yewo.

Anagwira lata ndi chikhatho. "Blaki." Ndinamuuza kuti Blaki wapita kuchipatala, abwera. Sindikudziwa chimene ndinanamira. Anabwerezanso dzinalo, kenako kukuwa kuja kunayamba. Anadziluma dzanja mpaka magazi, n'kudzigwetsa pa tala. Mlonda wina anathamangira kudzathandiza, munthu wabwino ndithu, koma anamugwira paphewa, zinthu n'kufika poipa. Ndinagona naye pansi ponyowapo, mutu wake ndili nawo m'manja kuti asaumenyetse. Anthu atizungulira, ana akulira, ena mafoni m'mwamba.

Sindikukumbuka kuti tinafika bwanji kugalimoto. Potuluka ndinaona makina atsopano pa pakingi ndi kamera pamtengo. Mutu unalibe malo oganizira zimenezo.

Mkazi wanga Vai anali pa shifiti kuchipatala. Atabwera anatsuka bala lija, n'kumanga. Kenako anandiyang'ana mawondo a thalauzi, matope okhaokha. "Vulani ndichape," basi.

Lamulungu, 16 Malichi

Kutchalitchi ndekha. Vai watsala ndi mwana. Potuluka mayi Zangaphee a chigwirizano andikokera pambali: "Bambo Fryson, mwanayu akufunika kusala kudya kwa mpingo wonse. Zinthu zina si za madokotala." Ndati zikomo amayi. Ndikanati chiyani?

Yewo sanakhudze chakudya tsiku lonse. Madzi okha.

Lachiwiri, 18 Malichi

Foni yochokera kusukulu ndili pakati posambitsa agogo a m'chipinda chakumapeto. Yewo wakanda mphunzitsi kumaso, bwerani mudzamutenge. Abwana kuntchito andilola, koma ndi mawu aja akuti "tikumvetsa, Fryson, komanso okalambawa akufuna munthu wodalirika." Kunyumba yosungira okalamba kuno munthu akachoka mmodzi, anzake amathyoka msana. Sindikuwada.

Titafika kunyumba anakatenga jekete yachikasu, n'kuvala, n'kuima pakhomo. Lachiwiri. Anaima pomwepo mpaka ine ndinagonja.

Ndiye tapita kumpanda. Ndimayembekezera za Loweruka zija. Ayi. Wapeza kampata kaja, waika diso, wangokhala phee. Kuyang'ana zitsulo ndi anthu a zisoti akuwotcherera. Patapita kanthawi watembenuka yekha n'kulunjika kugalimoto. Madzulo wadya mbale yonse ya mpunga.

Koma pakingi! Kale inali yaulere. Lero makina akuti mapaundi khumi ndi awiri. Ndinafufuza batani la ola limodzi, palibe. Mtengo ndi umodzi, wa tsiku lonse, kaya wabwera kudzaswera ndi banja kuyambira m'mawa, kaya wangoima kuti mwana asuzumire pa lata. Khadi yathu ya buluu ya olumala imangotipatsa malo apafupi ndi geti, kulipira n'chimodzimodzi. Pamwamba pa makinawo alemba mokongola kuti ndalamazi zikuthandiza kukonzanso zoseweretsa zimene timazikonda. Ndalipira. Kulipira kuti tione chinthu chimene palibe.

Lachitatu, 19 Malichi

Kumpanda. Talipira. Wadya, wagona.

Lachinayi, 20 Malichi

Kumpandanso. Lero ndadziwana ndi a Jasper. Ndakhala ndikuwaona zaka zonsezi, bambo wachikulire wa ndodo ndi galu wopunduka mwendo, koma sitinapitirire pa kugwedezerana mitu. Anagwira ntchito yowotcherera kokonza sitima za pamadzi kuno ku Govan, ku Scotland, mpaka mawondo anatha. Amaimika galimoto pa pakingi yomweyi kuti ayendeko pang'ono m'mbali mwa mtsinje, chifukwa ndi pokhapo posalala, popanda masitepe. Chizungu chawo cha kuno ndimamva theka, theka linalo ndimangovomera.

Ati: "Ine sindinakwerepo chozungulira chilichonse muno chibadwire. Ndilipirirenji penti wa mahatchi?" Ayambitsa tsamba pa Facebook lotsutsa mtengowu. Anthu alipo ochepa, ambiri ndi okalamba anzawo. Galu wawo ananunkhiza nsapato za Yewo, iye sanathawe. Zachilendo.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndinayesa nzeru. Ndinaimika galimoto kumsewu wa kuseri kwa masitolo, kwaulere, kuti tiyende wapansi. Pali msewu waukulu wodumpha. Yewo atangoona denga la mahatchi patali anandipulumuka m'manja. Lole inaima ndi mabuleki olira, ndinamva mphepo yake kumaso. Dalaivala anatsitsa galasi kuti atukwane, atationa anangokweza galasi lake.

Vai sindinamuuze. Basi sitingakwere, phokoso ndi kuthinana sangapirire. Ndiye makina aja andigwira pakhosi.

Loweruka, 22 Malichi

Kalata ya chindapusa yafika, ya tsiku loyamba lija. Aikapo zithunzi ziwiri za galimoto yathu, polowa ndi potuluka. Pa chachiwiricho ukayang'anitsitsa ukuona mutu wa Yewo uli pagalasi.

Ndinapita nayo ku ofesi ya paki. Woyang'anira ndi mayi wachitsikana, dzina lake Eva, maso otopa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, zimenezo ndimuyamikire. Kenako anati pakingi anaipereka kwa kampani ina, iyeyo alibe mphamvu pa chindapusa. Ndingathe kudandaula pa intaneti.

Ndinati chabwino, chindapusa tisiye. Nanga mtengo umodziwu?

"Bambo, zoseweretsa zina muno ndi zakale kuposa ine. Oyendera za chitetezo anati tikonze kapena titseke. Ndalama zichokera kuti? Tikakweza matikiti, mabanja osauka asiya kubwera. Tinaona kuti pa pakingi aliyense alipire mofanana. Palibe wokonderedwa."

Ndinati, mofanana bwanji, poti wina akudya tsiku lonse, ine ndikungonunkhiza? Wina angathe kubwera pa basi, ine sindingathe. Anati akumvetsa. Kuno aliyense amamvetsa.

Chondipweteka n'chakuti mbali ina akunena zoona. Chaka chatha lamba wa pa Blaki anali womangidwa ndi waya, ndinaona ndi maso anga. Ndinangokhala chete kuopa kuti angamuchotse.

Lamulungu, 23 Malichi

Takangana ndi Vai. Yewo anali m'bafa, amakhalitsa m'madzi, ndiye tinali ndi mpata woti tipwetekane bwinobwino.

Zinayamba ndi kalata ija. Ine ndimafuna andithandize kukwiya. Iye akupinda zovala anangoti, "Malo ndi awo. Akuti mulipire, lipirani kapena lekani kupitako."

Ndinati ukudziwa kuti sitingaleke.

"Sitingaleke ndani? Iyeyo kapena inuyo?"

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Anaika pansi thaulo.

"Bambo a Yewo, mwanayu wakula. Wayamba kusamba, ndine ndimalimbana nazo zimenezo, inu simuziona. Zaka ziwiri zikubwerazi adzakhala wamphamvu kuposa ine. Mudzamukweza pa hatchi ya ana mpaka liti? Ali ndi zaka makumi atatu? Inu muli ndi ndodo ngati mzungu wanu wa galuyo?"

Kenako anaitulutsa nkhani imene ndakhala ndikuizemba chiyambire Khirisimasi. Mayi wa sosho, wa boma woona za chisamaliro cha anthu, anatipezera malo kunyumba ina kumene amasunga ana ngati Yewo kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, kamodzi pa mwezi, kuti azolowere anthu ena, makolo apumeko. Vai akufuna. Ine nthawi zonse ndimati nanga Loweruka, nanga mahatchi?

"Mahatchi aja ndi pobisalira panu," anatero. "Tsopano awazula, mukubisala kuseri kwa lata."

Ndinamuuza kuti kwathu ku Ntcheu mwana sapatsa alendo makolo ali moyo. Anaseka kuseka koipa. "Ku Ntcheu kuli azakhali, kuli agogo, kuli mudzi wonse. Kuno kuli ine. Ndatopa, Fryson. Dzulo ndinatsala pang'ono kupereka mankhwala a wodwala wina kwa wina."

Amanditchula dzina pokhapokha zikafika pamenepo. Ndinapita kukatulutsa mwana m'madzi.

Lachiwiri, 25 Malichi

A Jasper anatidikirira pafupi ndi makina, nkhope yowala. Ati mdzukulu wa mnzawo anajambula vidiyo tsiku lija Yewo anagwa. Ati anthu sakhudzidwa ndi nkhalamba ndi agalu awo, koma akaona zimene mtengowu ukuchita kwa banja ngati lathu, kampani igwada. Anafuna kundionetsa pa foni. Nthawi yomweyo Yewo anayamba kukoka chitseko cha galimoto, mvula ikuyamba, ine mumtima muli mawu a Vai aja akuwirabe. Ndinati, ikani, a Jasper, chitani chimene mungathe.

Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Tiwaonetsa, mwana wanga."

Lachitatu, 26 Malichi

Mulungu wanga.

Pa nthawi yopuma ndinatsegula foni, mauthenga ali mbwee. Gulupu ya tchalitchi, gulupu ya Amalawi a ku Scotland, anzanga a ku sekondale amene sitinalankhulane zaka. Onse vidiyo yomweyo. Ndinakaionera m'chimbudzi cha antchito.

Sindimadziwa kuti zimaoneka chonchija. Ukakhala mkati umangoona mutu woti uuteteze. Pa vidiyo ndi mtsikana wamkulu akugubuduzika pa tala, siketi yakwera, magazi kukamwa, akulira ngati chinyama chogwidwa pa msampha. Ndi bambo wakuda atamupanikiza pansi. Wina pansi pake walemba kuti apolisi amufufuze bamboyo. Ambiri akutukwana kampani. Ena aika timitima ndi manja opemphera. Mayi Zangaphee alemba mu gulupu kuti "tinanena ife."

Vai anaimba ali kuchipatala. Mnzake wa pa wodi ndi amene anamuonetsa. Anangofunsa funso limodzi: "Munavomera?" Ndinati eya. Anadula.

Chakumadzulo apongozi anaimba kuchokera ku Rumphi. Vidiyo yawapeza kudzera kwa mwana wa achimwene a Vai. Zaka zonsezi timawauza kuti Yewo amangochedwa kulankhula, ndi wamanyazi. Zithunzi timatumiza zosankha, ali pa hatchi akumwetulira. Vai anaika foni pa sipika, n'kuisiya patebulo patsogolo panga, iye n'kukaima pazenera.

Mayi aja amalira. Amasakaniza Chitumbuka ndi Chichewa. "Mdzukulu wanga akuvutika chonchi, inu kundibisira? Ndine mfiti ine? Anthu kumsika akundionetsa mwana wanga ali maliseche pa foni. Bwerani nayeni kuno, mwamva, bwerani naye timuone."

Ndinati pepani amayi. Ndinabwereza mpaka mayunitsi awo anatha.

Yewo anali pa kapeti akusanja masipuni ake mumzere. Sadziwa kuti dziko lonse lamuona.

Lachinayi, 27 Malichi

Vai wasamutsira pilo wake kuchipinda cha Yewo. Zolankhula zathu ndi za makiyi ndi mkaka.

Lachisanu, 28 Malichi

Ndinapempha a Jasper achotse vidiyo. Achotsa pomwepo, apepesa kwambiri, ati sanaganize za siketi, iwo amangoona nkhanza za kampani. Ndikuwakhulupirira. Koma madzi akatayika saoleka. Ili m'mafoni a anthu kuyambira kuno mpaka ku Chitipa.

Masana Eva anaimba. Mawu ena, ofewa. Akuluakulu ake akumana ndi a kampani ya pakingi. Chindapusa chathu achifafaniza. Kuyambira mawa aliyense wa khadi ya buluu sazilipira, nambala ya galimoto yathu aiika kale mu kompyuta. Ndiponso akufuna Yewo adzakhale woyamba kukwera pa tsiku lotsegulira, pa 5 Epulo. Kudzakhala wojambula wa nyuzipepala.

Ndinafunsa za enawo, a Jasper ndi anzawo, za mtengo wa ola limodzi. Anati zimenezo "akuziganizirabe".

Ndapambana, eti? Ndinakhala m'galimoto panja pa ntchito osatha kuliza injini.

Loweruka, 29 Malichi

Talowa osalipira. Ndinadutsa makina aja ngati ndaba.

A Jasper sanali pa pakingi. Ndinawapeza kunja kwa geti, atakhala pa kakhoma, galu ali pamapazi. Galimoto aisiya kutali kuja ndinayesa ine, ayenda ndi ndodo mpaka apa, mawondo akana kupitirira. Khadi ya buluu anafunsirapo chaka chatha, anawakaniza, akuti amayenda bwino.

Anali atamva kale. Kampani inalengeza pa intaneti ndi mawu ambiri okoma. Anthu onse amene anadzaza tsamba lawo chifukwa cha vidiyo alemba kuti "chilungamo chachitika", n'kubalalika. Atsala nkhalamba zomwe zija.

Ndinayamba kufotokoza kuti sindinapemphe kuti zithere pa ife tokha. Anandidula.

"Landira. Ndikanakhala ine ndikanalandira. Mtsikanayu walipira mokwanira."

Kenako anayang'ana kumtsinje. "Mkazi wanga atamwalira, dokotala anati ndiziyenda tsiku lililonse, apo ayi ndimutsatira. Sindikudziwa kuti ndani anawerengera kuti kuyenda kwanga ndi kwa mapaundi khumi ndi awiri."

Ndinati ndizidzawatenga pa galimoto yathu, tizilowa limodzi. Anapukusa mutu. Ati safuna kulowa mozemba pansi pa khadi ya mwana, akufuna alipire mtengo woyenera ngati munthu. Yewo anagwada n'kukhudza khutu la galu ndi chala chimodzi.

Pobwerera ndimaganiza. Pamene tonse timalipira mofanana ndinati si chilungamo. Pano ine sindilipira, iwo akulipira, mumtima simunayerebe. Kuti atimvere, panafunika mwana wanga aonekere ali pansi. A Jasper alibe vidiyo.

Lolemba, 31 Malichi

Mphunzitsi akuti ana awiri a sukulu yoyandikana anamuloza Yewo pa geti, wina n'kuyerekeza kukuwa kwake. Iye sanazindikire. Ine ndazindikira m'malo mwake, zikundikwanira.

Apongozi atumiza uthenga wa mawu kwa Vai. Sindinaumve. Ndinangomva Vai akuyankha m'Chitumbuka kuchipinda, nthawi yaitali, mawu otsika. Pena amalira, pena ngati akufotokoza zinthu kuyambira pachiyambi.

Lachiwiri, 1 Epulo

Eva anatiitana kuti tikambirane za Loweruka. Ndinamuuza Vai ndili pakhomo, ndikuyembekeza kuti sayankha. Anatenga jekete. "Tiyeni. Mwana asakagulitsidwenso ine kulibe."

Mu ofesi muja Vai ndi amene analankhula. Wojambula ayi. Nyuzipepala ayi. Dzina la mwana lisatchulidwe paliponse. Ngati akufunadi kumuchitira zabwino, atilole tibwere m'mawa anthu asanalowe, nyimbo atazimitsa. Eva anayesa kunena za akuluakulu ake. Vai anati, "Akuluakulu anu ali ndi ana? Ajambule awo." Eva anafiira, kenako anati chabwino, azisenza yekha.

Tikunyamuka anati pali zinthu ziwiri zoti tidziwiretu. Choyamba, mahatchi ena anapezeka ofumbwa mkati, sabwereranso. Ndinafunsa za wakuda wothyoka khutu. Anayang'ana pa kompyuta. Ali m'gulu lomwelo.

Chachiwiri, malamulo atsopano a chitetezo. Chozungulira chija chikamayenda, palibe munthu woima pa thabwa. Aliyense akhale pa hatchi yake atamangidwa lamba, ndipo mahatchiwo ali ndi malire a kulemera, akuluakulu sakwera. Makolo azidikira kunja kwa kampanda.

Ine nthawi zonse ndimaima pambali pake. Dzanja lake limodzi pa chitsulo, lina paphewa langa, kuzungulira limodzi mpaka ine chizungulire. Sanakwerepo yekha. Ndinayamba kutsutsa, Eva anati ili lokha sangalisinthe ngakhale atafuna, ndipo nkhope yake imaonetsa kuti sakunama.

M'galimoto Vai anati, "Mwina akana kukwera. Mwina agwanso. Tikaona komweko." Mawu ambiri chonchi sanandilankhulepo chiyambire Lachitatu lija.

Lachinayi, 3 Epulo

Eva watumiza zithunzi za mahatchi atsopano. Tazimata pa firiji, kumuonetsa Yewo m'mawa ndi madzulo monga anatiphunzitsira kusukulu. Ndamuuza zoona: Blaki kulibe, Blaki watha. Adadi aima panja. Amayang'ana zithunzizo n'kuchokapo. Sindikudziwa chimene chalowa.



Loweruka, 5 Epulo

Tinapita atatu. Vai anasinthana shifiti ndi mnzake.

Pa geti panali a Jasper okha, ndi galu, ndi chikatoni cholembedwa kuti mtengo wa ola limodzi ubwere. Kamvula kakuwaza, inki ikuyenderera. Ndinachepetsa liwiro, ndinatsitsa galasi. Anakweza ndodo n'kuloza kutsogolo, "Pitani, pitani, mtsikana akudikira." Ndinalowa. Pagalasi loonera kumbuyo ndimawaona akuchepa.

Malata achotsa. Chilichonse chikunyezimira, fungo la penti lili guu. Mahatchi oyera, ofiira, agolide. Wakuda palibe. Eva anasunga mawu ake, kunalibe nyimbo, kunalibe kamera, kunali iye ndi mayi mmodzi woyendetsa makina.

Yewo anakwera pa thabwa n'kuyamba kuzungulira wapansi, kugwira khutu la hatchi iliyonse. "Blaki." Ina. "Blaki." Anamaliza onse n'kuyambiranso. Mawu anayamba kukwera. Ndinaona dzanja likupita kukamwa, pa bala lomwe lija, ndipo mwendo wanga unali kale pa sitepe. Vai anandigwira jekete kumbuyo.

"Dikirani."

Ndinati adziluma.

"Ndaona. Dikirani."

Anadziluma, koma osati kwambiri. Anaima akugwedezeka, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mayi wa makina uja sanasunthe, Mulungu amudalitse. Kenako Yewo anayenda mpaka pamalo pamene pamakhala Blaki, mzere wakunja moyang'anana ndi mtsinje. Pali hatchi yofiira tsopano. Anaiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Anaponda chopondera, n'kukwera.

Mayi uja anamuonetsa lamba kaye asanamukhudze, n'kumanga. Anatseka kageti. Ine kunja.

Chozungulira chitayamba kuyenda, dzanja lamanzere la Yewo linatambasuka pambali, kufuna phewa. Linapeza mphepo. Linakhala m'malere choncho, zala zikutseguka ndi kutsekeka, mpaka anazimiririka kuseri. Ndinagwira kampanda kaja ngati ndikathyole. Atatulukira mbali inayo nkhope inali yokwinyika, maso akundifunafuna. Ndinakuwa, "Ndili pano, mama!" Anandiona, n'kudutsa.

Ulendo wotsatira manja onse awiri anali pa chitsulo.

Wotsatirawo sanayang'anenso kumene ndinali. Amayang'ana kumtsinje, pakamwa pali pululu, tsitsi likuuluka, akung'ung'udza kanyimbo kake kaja. Anadutsa, anadutsanso. Ine manja ndinasowa powaika. Ndinawaika m'thumba, ndinawatulutsa. Vai amalira mwakachetechete, osapukuta.

Chitaima anakana kutsika. Eva anati palibe vuto, anthu sanayambe kulowa. Anazunguliranso.

Pobwerera Yewo anagona kumpando wakumbuyo, chinthu chimene sachita. Pa geti a Jasper anali atapeza mnzawo mmodzi, mayi wa ambulera. Tinadutsa. Tinaima pa maloboti a ku Govan.

Vai akuyang'ana kutsogolo anati, "Mayi wa sosho akuti Lachisanu tingathe kukaona nyumba yosunga ana ija. Kungoona chabe."

Maloboti anasintha. Wa kumbuyo analiza hutala.

Ndinati, "Nthawi yanji?"